Tsiku Limene Msonkhano Unalephera Kulephereka

Mu ufumu wa Tidikire, umene likulu lake ndi mzinda wa Pompano, muli lamulo lokongola kwambiri moti alendo ochokera kunja akalimva amawomba m'manja. Lamulolo limati boma lisakhazikitse msonkho uliwonse lisanaitane anthu kuti adzanene maganizo awo. Analilemba ndi agogo ake a Mfumu Kamvamawa Wachiwiri, tsiku lina atakhuta.

Koma lamulo lili ngati chitenje, aliyense amamanga mmene akufunira. Akatswiri a malamulo a kunyumba yachifumu ataliwerenga atavala magalasi, anapeza kuti limangoti anthu aitanidwe. Silinena kuti akabwera apeze chitseko chotsekula. Anapezanso kandime kena kumunsi, ka timalemba tonga nyerere, konena kuti msonkhano ukaitanidwa katatu n'kulephereka katatu pa zifukwa zomveka, ndiye kuti anthu avomera chamumtima.

Kuyambira pamenepo zifukwa zomveka zinasanduka chuma cha boma. Ndipo popeza Mfumu inkadana ndi kumva chinthu chimodzi kawiri, chifukwa chilichonse chinkagwira ntchito kamodzi kokha. Ku Bungwe Lomva Madandaulo a Amalonda, ntchito yopeka zifukwazi inali m'manja mwa munthu mmodzi, Yobe Kamtambe.

Yobe anali munthu wowonda, wofatsa, wa tayi imodzi yofiirira imene inkachapidwa Loweruka. Anakhala pa desiki yomweyo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo luso lake linali lodziwika mpaka ku maofesi ena. Msonkhano wa msonkho wa mchere unalephereka chifukwa mipando inabwerekedwa kumaliro. Wa zovala za kaunjika unalephereka chifukwa chimkuzamawu chinagwidwa ndi chifuwa. Wa feteleza unalephereka chifukwa anthu ofuna kubwera anachuluka kwambiri, zimene zikanaika miyoyo pachiswe, ndipo wa matayala a njinga unalephereka chifukwa anthu ofuna kubwera anachepa. Zonsezi zinatuluka m'mutu mwa Yobe. Chaka china anamupatsa satifiketi ya wantchito wodalirika.

Kunyumba sankafotokoza zambiri. Mkazi wake Nangondo, amene ankagulitsa tomato pa msika wa Kwerani, akamufunsa za ntchito, iye ankangoti, "Ndi za makalata, mayi a Tereza. N'zotopetsa." Nangondo anali ndi mabeseni oti anyamule, analibe nthawi yofufuza za makalata.

Mavuto anayamba tsiku limene Nduna ya Zotolera, a Kombapoto, anadutsa pafupi ndi msika. Galimoto yawo inaima chifukwa cha ngolo imene inathyoka tayala pakati pa msewu. Atatsitsa galasi pang'ono, anaona mayi wina akugulitsa mulu wa tomato. Wogula analipira, mayi uja anathira muluwo m'jumbo, kenako anatola tomato wina pambali n'kuponyamo akumwetulira.

"Ameneyo ndi wa chiyani?" inafunsa nduna.

"Ndi basela, bwana," anayankha dalaivala. "Kaja koikira pamwamba kuti mawa mudzabwerenso."

"Amalipira?"

"Ayi, bwana. N'chifukwa chake ali basela."

A Kombapoto anakweza galasi. Lachinayi lake anaima pa bwalo la nduna, pamaso pa Mfumu, n'kulankhula maola awiri.

"Mfumu ya mafumu, dziko likutha ife tili m'tulo. Tsiku ndi tsiku tomato, anyezi, mtedza ndi makala zikuchoka m'manja mwa ogulitsa n'kulowa m'majumbo boma lisanazione. Uku n'kuzembetsa katundu dzuwa likuswa mtengo! Anthu akupatsana zinthu zaulere ngati kuti dziko lino lilibe mwini."

Nduna zinapukusa mitu ndi chisoni. Pomwepo anagwirizana zokhazikitsa msonkho wa basela, woti aliyense wopereka kapena wolandira kanthu pamwamba azilipira.

"Anthu anga tawamva?" inafunsa Mfumu ikuyasamula.

"Tiwaitana, Mfumu," anatero a Kombapoto, ndipo bwalo lonse linaseka mwaulemu.

Wailesi itaulutsa nkhaniyi, pa Kwerani panabuka phokoso. Amayi a tomato, a ndiwo zamasamba ndi a mtedza anasonkhana kuseri kwa mashedi n'kusankha munthu woti akawalankhulire ku msonkhano. Anasankha Nangondo, chifukwa ndiye amene anathamangitsapo wotolera ziphaso ndi mawu okha mpaka munthuyo anaiwala chipewa. Kwa sabata yathunthu Nangondo ankayeseza mawu ake pochapa, posesa, ngakhale popatula tomato wofewa. Ankamuimitsa mwamuna wake pakhonde kuti amve.

"Mwamva bwanji, bambo a Tereza? Pamenepa ndiwakhaulitsa, eti?"

"Mwalankhula bwino," ankayankha Yobe, thukuta lili kamukamu pamphumi.

Lachiwiri loyamba, tsiku la msonkhano, amalonda anatseka mabenchi, amayi atavala zitenje zofanana, n'kuyenda wapansi mpaka ku Holo ya Khutulathu. Anapeza chitseko chokhoma, pepala lili pamenepo ndi chidindo chake chofiira. Linkati msonkhano walephereka chifukwa makomishonala onse asanu ndi awiri apita ku maphunziro a kamvedwe ka anthu.

A Zuze, nkhalamba yogulitsa makala, anatsamira ndodo n'kunena kuti, "Tisadandaule. Akakhoza mayeso, azidzatimva ali komweko."

Zoona zake n'zakuti makomishonalawo anali mkati. Chakudya cha msonkhano chinali chitaphikidwa kale, mpunga ndi nkhuku zokwanira anthu mazana atatu, ndipo ku Tidikire kutaya chakudya ndi tchimo lalikulu. Choncho msonkhano uliwonse ukalephereka, akuluakuluwa ankadzipereka, n'kulowera khomo lakumbuyo kukathandiza dziko. Amalonda anabwerera dzuwa lili paliwombo. Nangondo anapeza theka la beseni lake litafewa, ndipo analigulitsa motchipa kwa ophika tchipisi.

Msonkhano wachiwiri utayandikira, Yobe anakhala pa desiki masiku awiri cholembera chili kukamwa. Chitsime chinali chitauma. Mvula anaigwiritsa kale ntchito, dzuwa nalonso, chimodzimodzi njuchi za padenga ndi tsiku lobadwa la hatchi ya Mfumu. Nthawi itamuthera, anatola chifukwa china chimene chinali pafupi m'mutu mwake, osakumbuka kumene anachitenga.

Lachiwiri lachiwiri anthu anapezanso pepala. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anawerenga mokweza: "Msonkhano walephereka chifukwa kiyi ali ndi munthu amene wapita kukaona azakhali ake odwala kutsidya, ndipo mtsinje wadzaza."

Anthu anang'ung'udza, ena anaseka, poti munali mu Okutobala ndipo mitsinje yonse ana ankaiwoloka osavula nsapato. Koma Nangondo sanaseke. Anapempha mphunzitsiyo kuti abwerezenso. Atabwereza, anamanga chitenje chake mwamphamvu n'kunyamuka osatsanzika aliyense.

Yobe anafika kunyumba dzuwa likadalipo, n'kumupeza mkazi wake atakhala pa mpando wa pakhonde, manja ali pamiyendo. Panalibe moto, panalibe madzi osamba.

"Khalani pansi, bambo a Tereza. Chaka chatha achimwene anga atabwera kudzabwereka njinga, inu munawauza chiyani?"

"Aa, ndi kale limenelo..."

"Ine ndikukumbuka. Munati kiyi wa loko ali ndi munthu amene wapita kukaona azakhali ake odwala kutsidya. Ndipo mtsinje wadzaza. Achimwene anayenda wapansi mpaka kuchipatala, kiyi ali m'thumba la jekete lanu. Lero azakhali omwe aja ndawapeza pachitseko cha boma. Sanachirebe?"

Yobe anayang'ana nsapato zake. Kenako anaulula zonse, kuyambira mipando ya kumaliro mpaka chifuwa cha chimkuzamawu.

"Ndiye zaka zonsezi ine ndimadya ndiwo zogulidwa ndi bodza?"

"Si bodza, mayi. Ndi zifukwa."

"Ine ndimayeseza mawu pamaso panu ngati chitsiru, inu n'kumati mwalankhula bwino, mukudziwa kuti chitseko mwakhoma kale ndi cholembera chanu! Anzanga atseka mabenchi kawiri. Nasibeko wasiya mwana wodwala kuti akaime padzuwa paja. Mukudziwa chimene basela amatichitira ife? Wogula akhoza kupita kusitolo yaikulu ya magalasi. Amabwera kwa ine chifukwa cha tomato mmodzi ameneyo. Mukamuchotsa, mwandichotsa ine."

"Ndikakana andichotsa ntchito. Kwatsala zaka zitatu kuti ndipume."

"Mupume bwino. Koma mverani. Malata a nyumba ino anagulidwa ndi tomato. Lachiwiri ndikapezanso chitseko chokhoma, inunso mudzapeza tayi yanu ili pachingwe kunja kwa mpanda, ndi satifiketi yanu pambali pake."

M'mawa mwake Yobe anaitanidwa ku ofesi ya mkulu wa bungwe, Komishonala Tsekakhomo, bambo wonenepa amene ankapuma ngati mvukuto akangotsika masitepe atatu.

"A Kamtambe, katsala kamodzi. Lachiwiri likadutsa, msonkho wadutsa. Ndikufuna chifukwa chonona, choti Mfumu ikamva idzapukuse mutu n'kunena kuti kunalibe kuchitira mwina."

Yobe anakhosomola. "Bwana, ndifunseko. Bwanji tingowamva kamodzi kokha? N'kutheka kuti alibe zambiri."

A Tsekakhomo anavula magalasi n'kumuyang'ana ngati munthu amene wayamba misala.

"Mwakalamba pantchito pano koma simunaphunzire? Munthu ukamumva kamodzi amazolowera. Mawa abweranso, atatenga mlamu wake. Komanso akafunsa funso, ayankhe ndani? Ine msonkhowu sindinauwerenge, a nduna sanauwerenge, amene anaulemba anapita kunja kukachita maphunziro. Ndiye pali lipoti la msonkhanowo. Tinalemba kale mwezi watha, lili kosindikiza, ndipo likuti anthu analandira msonkho ndi nthungululu. Mukufuna anthuwo abwere adzatsutsane ndi maganizo awo omwe? Tiziwalemekeza anthu, a Kamtambe. Pitani mukalembe."

Yobe anabwerera pa desiki. Anaganiza za penshoni, anaganiza za tayi ili pachingwe anthu odutsa akuiloza. Anaganizanso za nkhope ya mkazi wake pamene ankayeseza mawu aja, mmene ankakwezera chala ngati akuopseza nkhuku. Ndipo analemba chidziwitso chimene akatswiri a chilankhulo ku Tidikire amakanganabe nacho mpaka lero:

"Bungwe Lomva Madandaulo a Amalonda likudziwitsa anthu onse kuti, potsatira kulephereka kwa msonkhano woyamba ndi kulephereka kwa wachiwiri, komanso poganizira mozama zonse zimene zikanalepheretsa wachitatu, kulephereka kumene kumayembekezeka Lachiwiri likudzali kwalephereka pa zifukwa zimene sitikanatha kuzipewa."

A Tsekakhomo sankawerenga makalata, ankangofufuza mawu amene ankawakonda. Anayendetsa chala, anapeza kulephereka pano, kulephereka apo, mpaka kasanu.

"Iyi ndiye ntchito!" anatero, n'kumenya chidindo mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira.

Wailesi itawerenga chidziwitsocho, pa Kwerani panabuka mtsutso. Okhoma zidebe ankati msonkhano kulibe. Ogulitsa mtedza ankati ulipo. A Zuze ankati ulipo koma kulibe, monga mankhwala a kuchipatala. Nangondo anamvetsera kachiwiri pa wailesi ya wometa tsitsi, maso ali chotsinzina.

"Munthu amene analemba izi ndakhala naye zaka makumi awiri ndi ziwiri," anatero. "Akafuna kunena kuti pepani amazungulira chonchi. Konzekani, tikupita."

Lachiwiri anthu anafika ochuluka kuposa kale. Alonda a pachipata anaima kutsogolo ndi zibonga, koma mphunzitsi uja anawaonetsa pepala la chidziwitso n'kuwafotokozera pang'onopang'ono ngati ana a sitandade wani kuti kulephereka kukalephereka, ndiye kuti msonkhano ulipo. Mkulu wa alonda anakanda m'mutu, anayang'ana chidindo chofiira, n'kuchiperekera sawasha. Ku Tidikire palibe amene amatsutsana ndi chidindo. Anatsekula chitseko.

Mkati munali fungo la nkhuku yokazinga. Makomishonala asanu ndi awiri anali pa tebulo lalitali lakutsogolo, majekete atakoleka pamipando, malaya atapinda mpaka m'zigongono. A Tsekakhomo anali ndi ntchafu ya nkhuku kudzanja lamanja. Anthu analowa mwaulemu, anadzaza mipando yonse, otsala anakhala pansi. Ankangoyang'ana ntchafu ija.

"Pitirizani, mabwana," anatero a Zuze. "Ife tinazolowera kudikira."

A Tsekakhomo anaika ntchafu pansi, anayang'ana khomo lakumbuyo, koma pamenepo panali pataima amayi anayi ogulitsa nkhuni. Anafunafuna Yobe ndi maso, ndipo anamuona ataima pakona akuwerenga kalendala ya chaka chatha. Pambali pa tebulo panali a Nachisale, mlembi wa zokambirana, amene analandira malipiro zaka khumi ndi chimodzi osalembapo liwu limodzi. Mayiyu anatsekula buku lake misozi ikulengeza m'maso. Cholembera chake chinali chitauma, ndipo wina anamubwereka china.

Nangondo anapita kutsogolo atasenza beseni. Mawu onse amene anayeseza anamuthawa atangoona chimkuzamawu. Anatula beseni, anakankhira mbale za mpunga pambali, n'kuyamba kupanga milu ya tomato patebulo monga amachitira pamsika: atatu pansi, mmodzi pamwamba.

"Mabwana, ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye ndikufuna mundiphunzitse mmene msonkhowu uziyendera. Tiyerekeze kuti pano ndi pa Kwerani. Bwana wamkulu, inu ndinu wogula. Gulani."

Kunalibe kothawira. A Tsekakhomo anapukuta manja, anaimirira, n'kuyang'ana miluyo. Tsono munthu akhoza kukwera maudindo mpaka kumwamba, koma anabadwira m'dziko lomweli ndipo mayi ake ankamutuma kumsika. Anatola tomato mmodzi, anamufinya pang'ono, anamubwezera.

"Mulu uwu bwanji?"

Nangondo ananena mtengo.

"Aa, mwadulitsa, mayi. Timatomato take tating'ono."

"Ndi wa lero, bwana. Onani khungu lake."

"Chabwino, ikani."

Nangondo anathira mulu m'jumbo, anamanga, n'kupereka. A Tsekakhomo analandira, anasuzumira m'jumbomo, anakwinya nkhope, ndipo pakamwa panalankhula pokha, pafupi penipeni ndi chimkuzamawu:

"Nanga basela?"

Holo yonse inaphulika. Amayi analuluta, ena anagwa pamipando, okhoma zidebe ankamenya mapazi pansi, ngakhale makomishonala awiri anabisa nkhope m'mapepala opukutira m'manja mapewa akugwedezeka. A Zuze anaseka mpaka anawamwetsa madzi.

Nangondo sanaseke. Anasankha tomato wamkulu kwambiri m'beseni, anamupukuta ndi chitenje, n'kumupereka ndi manja awiri atanyonyomala pang'ono.

"Nayu, bwana. Mudzabwerenso mawa." Kenako anatembenukira kwa a Nachisale. "Mayi, mwalemba?"

"Ndalemba ndi zilembo zazikulu," anayankha a Nachisale.

Zitatero anthu analankhula mpaka dzuwa kupendeka. Analankhula za basela, za misewu, za chimbudzi cha pamsika chimene chinatsekulidwa ndi nduna n'kutsekedwa tsiku lomwelo. Mpunga ndi nkhuku anagawana, ndipo zinakwanira ndendende, poti zinaphikidwira iwo.

Lachinayi buku la a Nachisale linafika pa bwalo la nduna. Mfumu inali itakwiya.

"Ndamva kuti m'dziko langa mwachitika msonkhano. Wachititsa ndani?"

A Tsekakhomo anagwada n'kuloza Yobe, amene anali ataima kumbuyo pakati pa alonda awiri. A Kombapoto anapempha kuti buku liwotchedwe ndipo msonkho udutse basi. Koma Nduna ya Misewu ndi Milatho, a Dulirapakati, anakweza dzanja.

"Mfumu, pepani. Pali amene angatiwerengereko lamulo la msonkholi? Makamaka pamene akutanthauzira basela."

Anafunafuna pepala, analipeza pansi pa mphika wa maluwa. Mlembi wa bwalo anawerenga: "Basela ndi chilichonse chimene munthu amalandira pamwamba pa mtengo umene wagwirizanidwa poyera. Wolandirayo adzilembetse dzina ndi kuchuluka kwa chimene walandira."

M'bwalomo munazizira. A Dulirapakati, amene anamanga nyumba zitatu chaka chimene ufumu unamanga theka la mlatho, anayamba kukhosomola. Nduna ya Mankhwala inayang'ana kudenga. Nduna ya Zogula za Asilikali inagwetsa cholembera n'kuchedwa pansi pa tebulo. A Kombapoto nawo anapukuta khosi ndi mpango. Mfumu, imene inkalandira basela wa basela, inasisita ndevu nthawi yaitali.

"Basela," inatero pomaliza, "ndi chikhalidwe cha makolo athu."

"Ndi chikhalidwe, Mfumu!" linavomera bwalo lonse ndi mawu amodzi.

Tsiku lomwelo wailesi inalengeza kuti Mfumu Kamvamawa, tate wa makutu akuthwa, yamva kulira kwa ana ake ndipo yathetsa msonkho wa basela. Nyimbo zotamanda zinaimbidwa masiku atatu. A Tsekakhomo anawasamutsira ku Bungwe Loteteza Ogula, poti anaonetsa luso lonenerera. Yobe anachotsedwa ntchito pa mlandu wolephera kulepheretsa, ndipo penshoni yake anati aikambirana pa msonkhano wina.

Anayamba kupita ku Kwerani ndi mkazi wake. Sankadziwa kupanga milu, ndipo ankapatsa basela ngakhale anthu amene angofunsa njira, moti Nangondo anamuika pa ntchito yotsekula majumbo. Amayi a pamsika ankamupatsa moni waulemu, ndipo Nasibeko ankamusungira chigumu.

Patapita mwezi, boma linalengeza kuti lichititsa msonkhano wa anthu onse wofufuza mmene msonkhano uja unachitikira, kuti zoterezi zisadzachitikenso. Tsiku lake litakwana, a Zuze anapita okha ku Khutulathu kukaona. Anabwerako masana atanyamula pepala limene anamatula pachitseko, n'kulipereka kwa Yobe. Pa desiki ya Yobe paja bungwe linali lisanapezepo munthu wina. Pepala lonselo linali loyera, kupatula chidindo chofiira ndi liwu limodzi pakati: "Walephereka."

Yobe analitembenuza kuti aone ngati kuseri kuli zina. Kunalibe. Anakhala pa kreti, nkhope itagwa ngati mmisiri amene waona nyumba yomangidwa popanda chingwe.

"Osatchulako ngakhale mphepo," anatero motsitsa mawu. "Ntchito yafa m'dziko muno."

Nangondo analanda pepalalo, analiyang'ana mbali zonse, n'kulipinda ngati kathumba.

"Pepala lake ndi lolimba bwino," anatero, n'kuthiramo mchere wa kasitomala.